Lamba wachikopa wachita mawanga, wauma gwa ndipo akuchucha utoto

Funso: Ndinagula chikopa chofufuta ndi makungwa a mitengo, chija chotuwa chosapaka kalikonse, n'kusokera lamba. Nditapaka dayi wabulauni, pena padera kwambiri pena payera, lambayo wauma gwa, ndipo ngakhale ndinapaka polishi wa nsapato pamwamba akudetsabe thalauza. Kodi dayiyo ndi wachabe, kapena pali chimene ndikuphonya?

Yankho: Dayi kawirikawiri sakhala ndi mlandu. Mawanga, kuuma ndi kuchucha mwatchulaku gwero lake ndi limodzi. Munathira dayi wambiri wosasungunula nthawi imodzi pa chikopa chouma, kenako munafulumira kutseka pamwamba musanachotse utoto umene unakanika kulowa. Lamba wanuyo akhoza kukonzeka, koma muyambe mwadziwa mmene ntchitoyi imayendera kuti mumvetse chifukwa chake tikonza momwemo.

Yambani mwatsimikiza kuti chikopacho n'chofufutadi ndi makungwa. Zikopa zotere amazifufuta ndi tanini, mankhwala achilengedwe opezeka m'mitengo monga mimosa, quebracho, chestnut ndi oak. Donthezani madzi pang'ono pamwamba pake. Akalowa msanga n'kusiya malo oderako, chikopacho chilandira dayi. Akangokhala pamwamba osalowa, ndiye kuti anachipaka kale kanthu kufakitale, ndipo kanthuko kayenera kuchoka kaye. Dulaninso kachidutswa muyang'ane m'kati. Chofufuta ndi makungwa chimakhala chotuwira kapena chofiirira mpaka pakati, pamene chofufuta ndi mankhwala a kufakitale otchedwa chrome nthawi zambiri chimaonetsa mzere wotuwa mopita ku buluu. Cha chrome chimabwera ndi mtundu wake kale, ndipo zambiri zimene ndinene pano sizigwira pa icho.

Dayi ndi wosiyana ndi penti. Penti wa akiliriki amakhala pamwamba n'kubisa maonekedwe a chikopa, pamene dayi amalowa m'kati n'kusiya tizibowo ndi timizere ta chikopacho tikuonekabe. Dayi wa zikopa alipo wa sipiriti ndi wa madzi. Wa sipiriti, monga wa Fiebing's kapena Angelus, amalowa kwambiri komanso amauma msanga, ndipo n'chifukwa cha kuuma msangako amasiya mizere pamene dzanja linaima. Sipiritiyo akamauluka amaumitsa mafuta amene anali m'chikopa, n'chimene chaumitsa lamba wanu. Wa madzi, monga Eco-Flo, sanunkha kwambiri ndipo amakupatsani mpata womusalaza, koma salowa mozama, komanso madzi akamukhudza asanatsekedwe amayendanso. Pa lamba ndi zinthu zina zokhulika tsiku lililonse, ine ndimakonda wa sipiriti.

Dayi asanafike, ntchito yonse yodula, kuboola, kudinda maluwa ndi kuumba chikopa chonyowa ikhale itatha. Kusoka ndiko kumabwera pambuyo, makamaka ngati ulusi wanu ndi woyera. Ndiye muyeretse pamwamba pake. Mafuta a m'manja, thukuta, phula ndi guluu zimakaniza dayi kulowa, ndipo kadontho ka guluu kamene simunakaone kamatuluka mbee mukangopaka. Pukutani mbali yonse ndi kansalu koviika mu isopropyl alcohol (sipiriti wopanda mtundu) kapena mu deglazer (mankhwala oyeretsera pamwamba pa chikopa), osati malo akuda okhawo ayi, chifukwa malo mwapukutawo adzamwa dayi mosiyana ndi anzake. Mukaona timadontho takuda kapena totuwa, n'chitsulo chimenecho. Chikopa chonyowa chikakhudzana ndi chitsulo, ngakhale fumbi lochokera ponolera mpeni, tanini amada pomwepo. Timadontho timeneti timachoka ndi asidi waufa wotchedwa oxalic acid, supuni ya tiyi imodzi m'theka la lita ya madzi ofunda. Pukutani ponseponse, tsukuluzani ndi madzi oyera, n'kusiya kuti chiume. Mankhwalawa ndi poizoni, choncho valani magolovesi. Madzi a mandimu amathandizako pa timadontho tochepa, ngakhale mphamvu yake ndi yocheperapo.

Mudziwenso kuti chikopa chimodzi sichimwa mofanana ponseponse. Cha kumsana n'chothinana, chimamwa pang'ono. Cha kumimba n'cholekalekana, chimamwa kwambiri n'kuda msanga. Zipsera nazo zimatenga mtundu wawowawo. Lamba wabwino amadulidwa motsata msana, ndipo ngati wanuyo anadulidwa mopingasa kuchokera kumsana kutsikira kumimba, kusiyana kwina kwa mtundu sikudzatheratu ngakhale mupake mwaluso bwanji.

Tsopano pamene pagona nkhani. Chikopa chouma chimakhala ngati munthu waludzu, chimene chafika poyamba chimamwa chonse. Pamene pagwera kansalu koyamba pamada bii, ndipo mukamafika kumapeto kansaluko kamakhala katauma. Pali zinthu ziwiri zothetsera zimenezi. China n'kunyowetsa chikopa pang'ono musanapake. Pukutani ndi siponji yofinya bwino, dikirani mpaka mtundu wake utatsala pang'ono kubwerera mwakale koma chikuzizirabe mukachigwira. Chinyezi chimenechi chimachedwetsa dayi kuti asalowe malo amodzi. China n'kusungunula dayi. Wotuluka m'botolo amakhala wamphamvu kwambiri moti bulauni amaoneka ngati wakuda. Pa bulauni woderako, sakanizani muyezo umodzi wa dayi ndi umodzi wa sipiriti. Pa mtundu wowalirako, umodzi wa dayi ndi itatu kapena inayi ya sipiriti. Dayi wa sipiriti asungunulidwe ndi isopropyl alcohol kapena sipiriti wina wopanda mtundu, poti sipiriti uja amamuthira utoto wapepo akhoza kusintha mitundu yowala. Wa madzi asungunulidwe ndi madzi oyera. Khutchumulani botolo musanathire, ndipo sakanizani wokwanira ntchito yonse, chifukwa kupezanso mtundu womwewo kachiwiri n'kovuta.

Yeserani pa chidutswa chotsala cha chikopa chomwecho, ndipo chidutswacho chidutse m'zonse: dayi, kuuma, mafuta ndi chotsekera, chija chopaka pamwamba pomaliza. Dayi akamauma mtundu wake umayererako, mafuta akafika amadetsanso, choncho mtundu umene mukuuona chikopa chili chonyowa si umene mudzatsale nawo.

Kampira kaubweya kokhala ndi chogwirira chawaya, kaja kamabwera ndi dayi, n'kabwino m'mphepete ndi pa tinthu ting'onoting'ono basi. Kamanyamula dayi wambiri n'kumukhuthulira pamalo amodzi. Pa lamba tengani nsalu yathonje yopinda, siponji, kapena chidutswa cha chikopa cha nkhosa chaubweya, chotambalala kuposa lambayo. Viikani, gunditsani papepala kuti wochuluka atsale pamenepo, ndiye kokani kuchokera kunsonga mpaka kunsonga osaima pakati. Ulendo woyamba uoneka wotumbuluka ndi wa mizeremizere. Musatekeseke, ndipo musayambe kudontheza dayi pa malo oyerawo. Dikirani mphindi 15 mpaka 30, pakaninso ponseponse mozungulizazunguliza, ndipo bwerezani mpaka mtundu utakwana. Maulendo atatu opepuka amasalala kuposa umodzi wolemera. Pa chikopa chotambalala, monga cha chikwama, ulendo woyamba upite m'litali, wachiwiri mopingasa, wachitatu mopendeketsa, kuti mizere ifafanizane.

Kunyika kumatulutsa mtundu wofanana kuposa njira zonse. Thirani dayi wosungunula m'chiwiya chosazama, dutsitsani lamba m'menemo mosaima, gawo lililonse likhalemo masekondi 5 mpaka 10, pukutani wotsala pamwamba, n'kumugoneka pamalo osalala. Kuipa kwake n'kwakuti kumadya dayi wambiri, kumaumitsa chikopa kwambiri, ndipo kumadetsa ndi kumbuyo komwe. Kupopera ndi kachipangizo kopopera utoto kotchedwa airbrush kumasalalanso bwino koma utoto umangokhala chapamwamba, moti chikopa chikakandika pamaoneka poyera. Njira iliyonse mungatsate, gwirirani pamalo popita mphepo, kutali ndi moto, mutavala magolovesi.

Mukatha, chikopa chiume maola 12 mpaka 24 pamthunzi. Musachiyandikize pamoto kapena kuchiuzira mpweya wotentha. Chikopa chofufuta ndi makungwa chikatenthedwa chili chonyowa chimakhwinyata n'kuuma ngati thabwa, ndipo zikatero sichibwereranso. Dzuwa nalo limachidetsa, ndiye mbali imene yawombedwa idzasiyana ndi inzake.

Chikauma, pukutani. Apa ndi pamene ambiri amadumpha, ndipo ndikukhulupirira kuti inunso munadumpha pomwepa. Dayi yense salowa. Wina amatsala pamwamba ngati fumbi losaoneka, ndipo ndi ameneyu amapita pa thalauza. Tengani nsalu yoyera yathonje, khulani mwamphamvu, sinthani mbali ikada, pitirizani mpaka nsalu ikutuluka yoyera kapena itangotsala pang'ono. Pa bulauni zimatenga mphindi zingapo, pa wakuda ndi wofiira dzanja limatopa ndithu. Mukatseka pamwamba fumbili likadalipo, chotsekeracho chimasakanikirana nalo m'malo mogwira chikopa, ndiye chimachucha nalo limodzi.

Kenako mubwezere mafuta amene sipiriti anachotsa. Odziwika pa ntchitoyi ndi neatsfoot oil, opangidwa kuchokera ku mafupa a miyendo ya ng'ombe. Pa botolo payenera kulembedwa kuti pure. Olembedwa kuti compound amakhala osakaniza ndi mafuta ena. Mafuta ophikira ambiri amayamba kununkha akakhalitsa m'chikopa, ndipo a galimoto asayandikire n'komwe. Muyezo ndi wochepa kuposa mmene anthu amaganizira: pa lamba wa masentimita 110 m'litali ndi 4 m'lifupi, supuni ya tiyi imodzi imakwana, mwinanso n'kutsalako. Donthezani pa kansalu, osati pa chikopa, n'kupaka mofulumira ponseponse. Poyamba paoneka mawanga, koma mafuta amayenda okha m'kati ndipo pakatha maola 24 amafanana. Ndi pamenepo pamene mungaweruze ngati pakufunika ena. Mafuta akachuluka chikopa chimachita lende, chimatanuka, chimada kwambiri, ndipo chotsekera chimakana kugwira. Ochuluka pang'ono amatuluka mukachikwirira mu ufa wa talc kapena sitachi tsiku limodzi kapena awiri, koma onse satuluka. Chikopa chopyapyala, cha milimita 1 ngati cha kachikwama ka ndalama, chimafuna kungopukutidwa ndi kansalu kamafuta basi. Mafuta akalowa pukutaninso ndi nsalu yoyera, chifukwa amadzutsa dayi wina.

Ena amapaka mafuta pang'ono dayi asanafike, n'kudikira tsiku lathunthu. Zimathandiza pa chikopa chouma kwambiri, koma mafuta akapitirira dayi wa madzi amakana kulowa.

Chotsekera musankhe malinga ndi ntchito ya chinthucho. Pofuna kuletsa kuchucha ndi kuteteza ku madzi, cha akiliriki monga Resolene ndicho chodalirika. Musapake chotuluka m'botolo. Sakanizani theka ndi theka ndi madzi, tengani siponji yonyowa yofinya, kokani kamodzi mbali imodzi, ndipo musabwererenso pamene mwadutsa kale, chifukwa chimayamba kugwira msanga ndipo kubwerera kumasiya mizere ndi thovu. Chimaoneka ngati mkaka poyamba kenako chimayera chokha. Dikirani maola angapo, bwino kwambiri usiku wonse, n'kubwereza. Maulendo awiri kapena atatu akwana. Chikakhuthala chimaoneka ngati pulasitiki, chimamatamata, ndipo chimang'aluka pamene lamba amapindika pa chitsulo chomangira. Ngati dayi wanu anali wa madzi, ulendo woyamba ukhale wopepuka kwenikweni kapena wochita kupopera, apo ayi siponji imanyamula utoto n'kuupakaza kwina.

Phula limapatsa chikopa kuwala kofatsa ndipo chimamveka bwino m'manja. Mukhoza kupanga nokha: muyezo umodzi wa phula la njuchi ndi itatu kapena inayi ya neatsfoot oil, zisungunukire m'kachitini koikidwa m'madzi otentha, osati pamoto penipeni. Zikazizira pakani pang'ono, dikirani, n'kukhula ndi nsalu kapena burashi yofewa. Popeza muli kale mafuta, chepetsani mafuta aja opaka pawokha. Koma phula silitsekera dayi kwenikweni, ndipo limafuna kubwerezedwa pakapita miyezi. Pa chikopa chosapaka dayi kapena cha mtundu wowala ndi labwino zedi. Pa lamba wakuda wovalira zovala zoyera silikwanira palokha. Polishi wa nsapato amene munapakayo ndi phula losakaniza ndi utoto wakewake, ndiye m'malo motseka anangowonjezera chodetsa. Ndipo kumbukirani dongosolo lake: phula likhoza kukhala pamwamba pa akiliriki, koma akiliriki sagwira pamwamba pa phula.

Pali china chimene simunatchule koma ndikuchikayikira. Mbali ya lamba imene imakhudza thalauza ndi yakumbuyo, ya mnofu, yokhakhala ija. Imamwa dayi wambiri kuposa yapamwamba ndipo kuipukuta mpaka kuyera n'kosatheka. Njira yabwino n'kusaipaka dayi n'komwe. Ingoisalazani: pakani mankhwala osalazira chikopa monga gum tragacanth kapena Tokonole pang'ono, khulani ndi galasi lokhuthala losalala m'mphepete kapena ndi kathabwa kosalala mpaka timaubweya titagona. Ngati mwaipaka dayi, iyenera kulandira akiliriki wosungunula kawiri kapena katatu.

M'mphepete mumakonzedwa pomaliza, zidutswa zitamatidwa ndi kusokedwa. Salazani ndi sandipepa wa nambala 220, sendani ngodya zonse ziwiri ndi kachitsulo kosendera m'mphepete kotchedwa edge beveler, pitirizani ndi wa 400 kenako wa 600. Pakani dayi tsopano, chifukwa gum tragacanth ndi Tokonole zikafika dayi salowanso. Akauma, nyowetsani pang'ono ndi madzi kapena ndi mankhwala amenewa, n'kukhula mofulumira ndi kamtengo kamphako kapena ndi nsalu yakanivasi. Chofunika ndi liwiro, osati kukanikiza. Mukakanikiza m'mphepete mumafutukuka n'kupindika. Mukamva kukulirakulira ndipo kukuwala, pakani phula la njuchi n'kukhulanso.

Ngati munadinda maluwa ndipo mukufuna kuti m'maenje mude, pamafunika utoto wokhuthala wotchedwa antique paste. Pakani kaye chotsekera chopepuka n'kuchisiya chiume usiku wonse, kenako pakani antique, pukutani pamwamba msanga kuti atsale m'maenje mokha, aume, n'kutsekanso. Mukapanda kutseka poyamba amadetsa ponseponse.

Mtundu wakuda ndi umene umavuta kwambiri pa nkhani yochucha. Dayi wakuda akachuluka amasiya kuwala kofiirira kapena kwapepo pamwamba, chizindikiro chakuti chikopa chakhuta ndipo wotsalayo ayenera kupukutidwa. Ena amayamba apaka bulauni woderako kapena buluu kuti wakudayo asafunike wambiri. Koma ilipo njira ina imene sichucha n'komwe, yogwiritsa ntchito kuda kuja kumene chitsulo chimabweretsa chikakumana ndi tanini. Tsukani sitiliwulu wosalala kwambiri, wa nambala 0000, kuti mafuta ake achoke. Muikeni m'botolo lagalasi, thiranimo theka la lita ya viniga woyera, ndipo musatseke kwambiri chifukwa mumatuluka mpweya umene ungaphulitse botolo. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, sefani ndi nsalu. Madzi amenewa mukawapaka kapena kunyikamo chikopa kwa masekondi ochepa, chimayamba kutuwa kenako n'kuda mukuona. Palibe utoto wokhala pamwamba, chikopacho ndicho chasintha. Chikathera pa kutuwa, tanini ndi amene wachepa, ndiye chinyikeni kaye mu tiyi wakuda wowirira n'kubwereza. Pomaliza chidutsitseni m'madzi a soda wophikira, supuni yaikulu imodzi mu lita imodzi, kwa masekondi ochepa chabe, n'kutsukuluza bwino ndi madzi oyera. Musachikhalitse mu soda, chifukwa chikopa chotere mwachibadwa chimakhala ndi asidi pang'ono, ndipo soda akachuluka chimathetheka. Kuda kwenikweni kumaoneka mafuta akalowa. Fungo la viniga limatha pakapita masiku. Njirayi imagwira pa chikopa chofufuta ndi makungwa chokha, ndipo dontho lililonse logwera pa chikopa china silichokanso msanga, choncho gwirirani kutali ndi zikopa zanu zina.

Tibwere kwa lamba wanu. Chotsani kaye polishi. Pukutani ndi kansalu koviika mu deglazer kapena isopropyl alcohol, mukusintha kansalu pafupipafupi. Katuluka kakuda kwambiri, ndipo n'zimene tikufuna, chifukwa kakutenga polishi pamodzi ndi dayi wotsalira. Acetone, mankhwala aja ochotsera penti wa m'zikhadabo, amachotsa msanga koma amaumitsa chikopa kwambiri, ndiye akhale wa pomalizira zina zikakanika. Donthezani madzi kuti muone ngati akulowa ponseponse. Pamene akukana ndiye kuti phula likadalipo, pukutaninso.

Dayi amene analowa kale satuluka, choncho kufananitsa mtundu kumatheka popita kwakuda kokha. Nyowetsani lamba pang'ono, sungunulani dayi yemweyo umodzi kwa itatu, pakani ponseponse kawiri kapena katatu. Malo oyera amamwa kwambiri kuposa okhuta kale, ndiye kusiyana kumanka kuchepa. Mawanga akakhala aakulu kwambiri, sankhani bulauni woderatu kapena wakuda. Aume tsiku lathunthu, mumukhule mpaka nsalu iyere, kumbuyo komwe. Musamupinde akadali wouma gwa, angathetheke pamwamba. Pakani mafuta theka la supuni ya tiyi, dikirani maola 24, ndipo ngati akadali wouma onjezani theka linalo, makamaka kumbuyo kumene amalowa msanga. Akatero mupindeni pang'onopang'ono m'manja kuti afewe, mumupukutenso, n'kupaka akiliriki wosungunula mbali zonse ndi m'mphepete momwe.

Musanamuvale, mpatseni masiku awiri kuti chotsekera chikhwime, kenako mumuyese. Khulani ndi nsalu yoyera youma maulendo 20, kenako ndi yonyowa pang'ono, poti thukuta ndilo limadzutsa utoto. Youma ikada, simunapukute mokwanira musanatseke. Yonyowa yokha ikada, onjezani ulendo umodzi wa akiliriki, makamaka kumbuyo ndi m'mabowo a chomangira, m'mene dayi amakonda kubisala.